Lupanga la Golide la Mzime

Pakhomo pa bambo wina wometa tsitsi panali mtendere, koma ndikati mtendere musaganize za bata. Linali khomo laphokoso. Lamulungu lililonse akabwera kutchalitchi, mbale zikatsukidwa, anthu anayi ankazungulira tebulo la pabalaza, aliyense foni m'manja. Panali bambo eni ake, mlamu wawo woyendetsa lole amene ana ankamutchula kuti malume, mwana wamkulu wamkazi amene ankayembekeza kupita kusukulu ya unamwino, ndi mtsikana womaliza wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, amene aliyense ankangomuitana kuti Mzime.

Ankasewera gemu ya pa intaneti, ija yoti aliyense amakhala ndi kamunthu kake m'dziko lopeka, nkumayenda pagulu kukamenyana ndi zilombo. Bambo anali wa chishango, wotsogola kukalandira zibakera m'malo mwa anzawo. Malume anali wa uta. Achemwali anali ochiritsa ovulala, ndipo ankanyada kuti unamwino anauyamba kale. Mzime anali wa lupanga, lachitsulo wamba, limene analipeza atakhetsa thukuta milungu yambiri.

Mayi sankasewera. Ankakhala pambali akusita zovala, ntchito yawo ili yogemula.

"Bambo a ana, mwafanso?" ankafunsa akamva kubuula.

"Ndafera ana anu, mayi."

"Munthu wa imvi kumafa katatu Lamulungu limodzi. Abusa akudziwa zimenezi?"

Pamwamba pa phiri la m'gemumo panali chinjoka cha mitu itatu. Miyezi itatu yathunthu chinkawasesa onse anayi, iwo nkumaseka mpaka misozi, kenaka nkuyamba kukambirana kuti alakwitsa pati. Lamulo la gemuyo linali loti gulu likachipha kamodzi, phanga lake limatsekeka ndipo silitsegukanso. Tsono anapangana chinthu chimodzi: achiphe ali onse patebulo limenelo, achemwali asanapite. Kunatsala milungu inayi.

Gemuyo kulowa kunali kwaulere, koma mkati munali sitolo. Ankagulitsamo makiyi otsegulira mabokosi, ndipo kiyi ankagulidwa ndi ndalama zenizeni. Zamkati mwa bokosi sunkazidziwa mpaka utalitsegula. Nkhani imeneyi inkawakanganitsa kawirikawiri.

"Ine bola magemu olipira pamwezi," anatero malume tsiku lina. "Nonse mwalipira zofanana, mukalowa ndinu ofanana. Zaulerezi zimakusekerera pakhomo, ukalowa zayamba kukupisa m'thumba."

"Opanga gemu nawonso amadya, malume," anayankha achemwali. "Akamagulitsa zipewa ndi nsapato zokongoletsa kamunthu, ine ndilibe nazo mawu. Koma kugulitsa mphamvu ndiye ayi. Ndiye kuti wolemera azingopambana ali chigonere."

Bambo anaika foni pansi. "Pagulu lino sitigula mphamvu. Tikaluza, tiluze tonse. Ndipo bokosi loti walipira koma sukudziwa zamkati, imeneyo ndi njuga, ngakhale aipake utoto wokongola bwanji. Wamva, Mzime?"

"Ndamva, bambo," anatero Mzime, ndipo tsiku limenelo ankanena zoona.

Kusukulu kunali mtsikana wina wa m'kalasi mwake amene anzake anamupatsa dzina loti Abwana, chifukwa chilichonse ankachithetsa ndi ndalama. Kamunthu kake m'gemumo kanali ndi mapiko, chisoti chowala, ndi kavalo woyera. Nthawi yopuma anasuzumira pafoni ya Mzime nkuyamba kuseka.

"Miyezi itatu chinjoka chimodzi? Ine ndinachipha kwinaku ndikuwenga zikhadabo."

"Iwe unagula. Kwathu sitigula."

"Tonse timalipira, mnzanga. Inu mukulipira ndi nthawi, ine ndi ndalama. Kusiyana kwake kuli pati?" Abwana anatsitsa mawu. "M'mabokosimo muli lupanga la golide. Kumenya kamodzi basi, chinjoka chagona. Achemwali ako akupita liti? Ukufuna apite chimanjamanja?"

Mawu omalizawo ndi amene analowa. Woyesa wochenjera sakuuza kuti uchite choipa, amakuuza kuti ukuchitira wina chifundo.

Mzime anayamba ndi ndalama ya basi. Anagula kiyi mmodzi, bokosi linazungulira pafoni, nyimbo ikulira, lupanga la golide linadutsa pafupi penipeni, ndipo chimene chinatuluka ndi chipewa cha nthenga. Anayenda wapansi mpaka kunyumba. Mawa lake anapeza nsapato. Tsiku linalo anapeza chipewa china, chofanana ndi choyamba chija. Nthawi zonse lupangalo linkaoneka ngati latsala pang'ono, pakuti opanga gemu anakonza dala kuti lizioneka choncho.

Mayi anaona nsapato zake za kusukulu pakhonde.

"Fumbi lonseli, mwana wanga, basi sukukweranso?"

"Ndikufuna ndizilimbitsa thupi, amayi."

"Thupi limbitsa," anatero mayi akumuyang'ana m'maso, "koma ngati pali chimene chikukudya ndalama, unene chikadali chaching'ono."

Mzime anangoseka nkulowa kuchipinda.

Kumalo ometera a bambo kunali vuto lakalekale. Mashini awo anali atakalamba. Ankalira ngati njinga yamoto, nkumakoka tsitsi m'malo modula, moti makasitomala ankakhala pampando atatsinzina. Bambo anasunga pang'onopang'ono mpaka zinakwana zogulira ena. Lachinayi la mlungu womaliza anamuuza Mzime kuti, "Ndakutumizira ndalama pafoni yako. Ukaweruka udutse kusitolo ya zamagetsi, ukatenge mashini aja ndinakuonetsa. Ine pano mzere sukutha."

Mzime anafikadi pasitolopo. Mashiniwo anali pawindo, akuda, onyezimira. Anakhala pabenchi panja kuti apume pang'ono, nkutulutsa foni. Uthenga unali utabwera kale: lero lokha, makiyi atsika mtengo. Anadziuza kuti agula mmodzi yekha, adzabweza ndi ya basi. Anagula wachiwiri kuti abweze woyambayo. Kuchokera pamenepo sanawerengenso. Chala chinkangodina chokha. Pabokosi lomaliza foni inawala yonse, malipenga analira, ndipo lupanga la golide linagwera m'chikwama cha kamunthu kake. Anadumpha pabenchipo ndi chimwemwe. Atayang'ana zotsala pafoni, anakhalanso pansi.

"Mashini aja atha," anawauza bambo madzulo ake. "Akuti abwera mlungu wamawa."

"Palibe kanthu, nkhalamba yangayi ipirira," anatero bambo. Sanamufunse n'komwe za ndalamazo, chifukwa ankamukhulupirira.

Nkhalambayo sinapirire. Loweruka m'mawa, tsiku la anthu ambiri, inafera pakati pa mutu wa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya Mzime, mbali imodzi yometa, ina ili tsitsi lokhalokha. Bambo anayesa kuimenya padzanja, kuithira mafuta, kuipempha ndi mawu okoma, koma ayi ndithu. Anamaliza ndi lumo ndi sizasi, ndipo amene anali pamzere ananyamuka mmodzimmodzi kupita kwa wometa wa tsidya la msewu. Bambo anatseka masana dzuwa lili pamutu. Kunyumba anaifotokoza nkhaniyo moseketsa, akutsanzira nkhope ya aphunzitsi pagalasi, mpaka mayi anagwira nthiti. Mzime yekha ndiye sanaseke.

Lamulungu lomaliza linafika. Masutikesi a achemwali anali kale pakona. Anthu anayi aja anakhala patebulo, malume akupukuta manja pathalauza ngati akupita kukakwatira.

Tsiku limenelo anasewera bwino kuposa kale lonse. Zonse zimene anaphunzira m'miyezi itatu zinagwirizana. Bambo anaima nji kutsogolo, malume analasa diso, Mzime anazembera kumbuyo, mutu woyamba unagwa. Wachiwiri unatsatira. Mayi anazimitsa simbi nkubwera kudzaima kumbuyo kwawo. Mutu wachitatu unali utafooka kwambiri pamene chinjoka chinalavula moto, bambo nkugwa.

"Musatekeseke," anatero achemwali. "Ndiwadzutsa. Mzime, ingochizungulira, ndipatse kamphindi kochepa."

Mzime anaona moyo wa kamunthu kake ukutsika. Anaona masutikesi pakona. Kamphindi kajako kanamutalikira. Anatsegula chikwama, nkusolola lupanga la golide, nkumenya kamodzi.

Chinjoka chinagwa. Mafoni onse anayi anawala chikasu, ndipo pa iliyonse panatuluka mawu akuluakulu onena kuti Mzime wapha chinjoka ndi lupanga la m'bokosi lamtengo wapatali. Gemuyo inkalengeza dala zotere kuti ena akhumbire. Chitseko cha phanga chinatsekeka.



"Mwapambanatu," anatero mayi. "Nanga nkhope zagwa chifukwa chiyani?"

Achemwali anatembenuza foni yawo kuti Mzime aone. Mankhwala odzutsira bambo anali atadzaza, chala chinali chitafika kale pabatani.

"Ndinali nditamaliza," anatero motsitsa. "Tikanachipha tokha, Mzime. Lero tikanachipha."

Bambo anatembenukira kwa Mzime. Sanakweze mawu.

"Mwana wanga, mashini aja anathadi kusitolo?"

Apa ndi pamene Mzime anatsala pang'ono kutayika. Bodza lina linali kale pamlomo, loti lupangalo anamupatsa ndi mnzake. Akanalinena, mwina akanamukhulupirira, ndipo akanaphunzira kuti bodza limagwira ntchito. Koma anakumbukira bambo akuseketsa anthu ndi nkhani ya tsiku limene anataya makasitomala chifukwa cha iye, ndipo misozi inayamba kutsika.

"Sanathe, bambo. Ndalama zanu ndinagulira makiyi. Zonse. Ndinakunamizani, ndinanamizanso amayi. Ndimafuna achemwali apite titapambana."

"Ndiye tapambana?" anafunsa bambo.

Mzime anapukusa mutu.

Malume anayesa kulembera eni gemu kuti abweze ndalamazo. Yankho linabwera laulemu kwambiri, loti bokosi likatsegulidwa latsegulidwa. Anafunsanso ngati phanga lingatsegulidwe, yankho linali lomwelo.

"Mashini ndidzagula ena, ngakhale mochedwa," anatero bambo. "Koma Lamulungu la leroli kulibe sitolo imene amagulitsa. Wabera ine, wabera achemwali ako, wadziberanso wekha."

Palibe amene anamuuza chochita. Mzime anatenga foni, nkufufuta kamunthu kake pamaso pa onse, pamodzi ndi lupanga, zipewa ziwiri zija, ndi zonse zimene anavutikira chaka chathunthu. Kenaka anagwada pafupi ndi mpando wa bambo nkupepesa. Achemwali ananyamuka Lachiwiri. Anamukumbatira pa siteji ya basi, koma za gemu sanatchule.

Kusukulu Abwana anadabwa. "Nanga si munachipha? Ukulira chiyani?" Iyeyo anali atasamukira kale kugemu ina, chifukwa kuyakale kunalibenso wofuna kusewera naye. Anamuonetsa Mzime mabokosi a kumeneko, ati otsika mtengo. Mzime anasamuka benchi.

Mlungu wonsewo ankati akaweruka, nkupita kukasesa tsitsi ndi kuchapa matawulo kwa bambo, amene ankameta ndi mashini obwereka kwa mnzawo. Mphunzitsi wamkulu atabweranso, bambo anamuuza Mzime kuti afotokoze yekha chimene chinachititsa mutu uja. Anafotokoza ali chiweramire. Aphunzitsiwo anamvetsera mpaka kumapeto, nkunena kuti chilango chake ndi choti aziwagwirira galasi nthawi zonse akamametedwa.

Lamulungu lotsatira Mzime anadzitsekera kuchipinda, akudziwa kuti patebulo palibe malo ake. Anamva mipando ikukokedwa, kenaka mawu a bambo.

"Mzime, tikudikira iwe. Makoswe atichulukira kuno."

Anatuluka mwamanyazi. Pafoni ya bambo panali kamunthu katsopano, kovala sanza, kanyamula chivundikiro cha poto m'malo mwa chishango. Ka malume kanali ndi legeni. Onse anali atasiya anthu awo amphamvu aja nkuyambiranso pachiyambi, kumene ntchito yoyamba ndi yopha makoswe m'nkhokwe. Pakati pa tebulo panali foni ya mayi, ndipo mawu a achemwali ankamveka kuchokera kusukulu.

"Fulumira, iwe. Gulu latsopano, chinjoka chatsopano. Koma ndodo yokha, wamva?"

Mzime anapanga kamunthu kake akuseka uku akulira. Pasanathe mphindi zisanu malume anaphedwa ndi tsekwe, ndipo mayi anaseka mpaka anapsereza kolala ya malaya a bambo. Phokoso linabwerera pakhomopo.

Inu achinyamata amene mukuwerenga, masewera si tchimo, ndipo kulipira chinthu chimene ukuchiona si tchimo. Koma bokosi lobisa zamkati ndi njuga, njuga imaitana kuba, ndipo kuba kumaitana bodza. Mzime anapulumuka chifukwa ananena zoona bodza lina lisanatuluke. Ambiri safika pamenepo.

Chinjoka chatsopanocho anachipha patatha miyezi isanu, ndi zida zimene anazipeza okha, ndipo anakuwa mpaka aneba anabwera kudzafunsa. Achemwali anakuwa nawo pafoni. Mzime anatembenuka kuti awakumbatire monga anaganizira kuyambira kale, koma pambali pake panali mpando wopanda munthu.