Mikono ya Lucious

Vainess anayamba kumva phokoso asanamuone mwini wake. Linkamveka ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo linkachokera pabenchi ya alendo pachipatala cha mafizo chomwe ankagwirapo ntchito ku South Bend, ku America.

Pabenchipo panali mnyamata wamtali, dalaivala wobweretsa njinga za odwala kuchokera ku Indianapolis. M'manja anali ndi kampira kapulasitiki kokhala ndi kagudumu kolemera mkati. Ukamazunguza dzanja kagudumuko kamathamanga, kampirako n'kumalimbana nawe kuti kakupulumuke.

"Mukulakwitsa," anatero Vainess m'Chingerezi. "Mukugwedeza phewa lonse. Muzizunguza dzanja lokha."

Mnyamatayo anawerenga dzina pabaji yake n'kumwetulira. "Vainess? Dzina ili ndi lakumudzi ili. Ndiphunzitseni, achemwali. Ine ndi Lucious."

Anafotokoza kuti Loweruka lililonse amadumpha m'ndege ndi parachuti. Akakwanitsa maulendo mazana awiri adzaloledwa kuvala suti ya mapiko, ija yokhala ndi nsalu pakati pa mikono ndi thupi.

"Mphepo yake si yamasewera," anatero. "Mikono ikafooka mapiko amapindika. N'chifukwa chake ndikulimbana ndi kampiraka."

"Anzanu akugwira mashifiti awiriawiri, inu busy kudumpha m'ndege?"

"Ndikusowa wondidikira pansi, achemwali. Ndikamupeza ndizitera mofatsa."

Vainess anali katswiri wokana anyamata, koma tsiku limenelo nambala anapereka yekha.

Pofika Epulo wa 2016, "achemwali" anali atasanduka "Switi". Lachiwiri ndi Lachinayi Lucious ankabwera ku South Bend ndi njinga zake, mtima wa Vainess n'kumadumpha kuposa mwini parachuti. Masiku enawo kunkabwera mameseji.

"Switi wanga, kumwamba ndafikako kambirimbiri, koma mngelo ndinamupeza pansi."

Ndani akanapanda kusungunuka? Kenako kunabwera meseji yomwe Vainess anaiwerenga mpaka kuiloweza: "Tsiku lomwe ndidzauluke ndi mapiko, ndikadzangotera mphete ndi yako. Udzasamukira kuno ku Indianapolis, tidzamange banja."

Basi mtsikana anaigwira ntchitoyo ngati yolipidwa. Anamulembera ndondomeko yolimbitsira mikono. Sikisi koloko iliyonse madzulo ankamuimbira foni n'kumamuwerengera: masekondi makumi atatu kumanja, makumi atatu kumanzere, kenako mikono yotambasula ngati ali kale m'mwamba. Pafoni imeneyi Lucious ankangoyankha kuti, "Chabwino, madamu. Zikomo, madamu." Vainess ankaseka, poganiza kuti mwamuna wake ndi wanthabwala.

Mu Seputembala Lucious anati tsiku lapezeka, Loweruka lomaliza la mweziwo. Vainess sanadikire mphete. Analemba kalata yosiya ntchito, anauza mwini nyumba kuti akutuluka, zovala n'kulongedza m'makatoni.

"Koma Switi, usabwere ku bwalo," anatero Lucious. "Ndikadziwa kuti ukundiyang'ana ndipanika. Ndikangomaliza ndidraiva straight kubwera kwa iwe."

Vainess anavomera pakamwa pokha. Miyezi isanu ndi umodzi akuwerenga masekondi, ndiye asaone mikono yomwe anaiumba yekha? Loweruka analawirira, anavala diresi yachikasu ija Lucious ankaikonda, n'kuyendetsa galimoto maola atatu mpaka pabwalo la ndege zing'onozing'ono kunja kwa Indianapolis.

Anapeza ndege itanyamuka kale. Pampanda pomwe anthu amaonerera panali mayi wina woyembekezera, atatchinga maso ndi dzanja, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya ya Chichewa.

"Muli bwanji, amayi?" anatero Vainess.

"Iii, Amalawi mpaka kunoko? Ndili bwino, kaya inu? Ine ndi Belinda, wa ku Beech Grove, kufupi konkuno."

"Ine ndi Vainess. Ndachokera ku South Bend."

Mayiyo anamugwira manja onse awiri. "A Vainess amafizo aja? Mawu anu ndimawadziwa ine. Daily sikisi koloko, ine ndikuphika, amuna anga ali pasitingirumu ndi kampira kawo, inu mukuwerenga pa speaker. Nthawi zina ndimawerenga nanu limodzi. Mulungu akudalitseni, asisi."

"Amuna anu?"

"A Lucious. Zaka zinayi tsopano tili pabanja. Ndinawakaniza zoulukazi mpaka kutopa, koma atandiuza kuti apeza katswiri wowayang'anira mikono mtima unakhala pansi. Si awo, a suti yofiira!"

Vainess anayang'ana kumwamba chifukwa kunalibe kwina koyang'ana. Kadontho kofiira kankadutsa mlengalenga, mikono ili tambasu, osagwedera ngakhale pang'ono. Zinamupweteka kuti munthuyo ankauluka bwino chonchi. Anaganiza za makatoni aja, ndi za Lolemba lomwe analibenso kopita. Anafuna kukuwa, koma akanamukuwira ndani? Mayi woyembekezera yemwe anali atamugwirabe dzanja?

Parachuti inatseguka. Lucious anatera, anzake anamuombera m'manja, iye n'kubwera kumpanda akuseka, mapiko akukwekwereza. Ataona diresi yachikasu pafupi ndi mkazi wake, kuseka kunathera panjira.

"Adadi, taonani amene abwera kudzakusapotani," anatero Belinda.

Lucious anayang'ana mkazi wake, anayang'ana Vainess, kenako anatambasula dzanja ngati akupereka moni kutchalitchi.

"Zikomo pobwera, madamu."

Vainess analilandira dzanjalo. Linali lolimba. Analifinya, anakweza zala zake kufika pachigongono monga amachitira ndi odwala ake, n'kulisiya.

"Mikono yakhwima, bambo," anatero. "Ntchito yanga yatha."

"Musapite, asisi," anachonderera Belinda. "Ndaphika zambiri, tikadyere limodzi kunyumba."

Vainess anamuyang'ana mayiyo, misozi ili m'maso mbwee.

"Pitani mukadye, amayi. Koma mukakhuta, muwabwereke foni amuna anu, muwerenge zomwe ankalembera madamu sikisi koloko ikadutsa."