Kaderno wa Aphunzitsi a Virgílio

Linali tsiku lachitatu chithawireni ku Malowera, m'chaka cha 1986. Anthu amfuti anali atatentha shikola pamodzi ndi mabuku onse, ndipo aphunzitsi a Virgílio anawaombera mwendo. Tsopano bambo a Catarina, a Januário, ankawakankha pa njinga m'tinjira tam'thengo kulowera ku Zambia. Catarina, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ankatsatira pambuyo pamodzi ndi amayi ake, mtolo uli pamutu, mapazi atatupa.

Paliponse pamene apuma, aphunzitsi ankatulutsa kaderno, kabuku kolembamo, m'malaya mwawo.

"Catarina, tenga lapisi. Buku la fizika lapsa, koma likadali m'mutu mwangamu. Lemba mawu a Chipwitikizi, tanthauzo tiike m'chinenero chathu. Força. Mphamvu ndi kukankha kapena kukoka kumene kumasintha mayendedwe a chinthu."

Catarina analemba monyinyirika.

"Velocidade. Liwiro ndi mtunda umene chinthu chayenda pa nthawi yodziwika. Peso. Kulemera ndi mphamvu imene dziko limakokera nayo chinthu pansi. Usasokoneze ndi massa, mwanawe, ana ambiri amagwera pamenepo."

Masana a tsikulo dzuwa linaswa mtengo. Chakudya chinali chitatha, ndipo bala la aphunzitsi linali litayamba kununkha. Atakhala pamthunzi wa msuku, aphunzitsi anaitananso ndi mawu otsika.

"Tatsala ndi ochepa. Atrito. Kukhulana kwa zinthu ziwiri kumene..."

Catarina anaponya lapisi pansi.

"Aphunzitsi, tidya zimenezi? Nyumba yathu yapsa, mbuzi atenga, anzanga sindikudziwa kumene ali. Adzawerenga ndani?"

"Iwe Catarina!" anakalipa a Januário.

"Musiyeni, bambo," anatero aphunzitsi. "Watopa mwanayu. Pita ukatunge madzi, tidzapitiriza ukabwera."

Khwawa linali kutali. Catarina anafukula mchenga mpaka madzi anatuluka, nakhala pomwepo nthawi yaitali, dala, kuti asabwerere msanga kukalemba. Pobwerera anapeza amayi ake atafunda chitenje kumutu, bambo ake akukumba manda a aphunzitsi ndi kakhasu kuseri kwa chulu.

Kaderno anali pachifuwa pa aphunzitsi. Iwo anali atatola lapisi uja namaliza okha mzere umene Catarina anausiya, zilembo zokhotakhota ngati za mwana woyamba shikola: "...kumaletsa chinthu kutsetsereka." Pansi pake analemba mawu ena asanu ndi awiri opanda matanthauzo.

Catarina sanathe kulira mokweza, pakuti ankaopa kumvedwa. Anangogwada, madzi aja n'kutayikira m'fumbi.

M'mawa mwake anafika pamtsinje wodzaza. Mwamuna wina wodziwa madooko anawauza kuti madzi afika m'khosi.

"Aliyense atenge chimene angagwire ndi dzanja limodzi. Zina zonse siyani."

A Januário anabisa njinga m'bango. Amayi anasankha poto. Catarina anamasula mtolo wake. Munali diresi lake la ubatizo, nsapato zimene anali asanavalepo, ndi bulangete.

"Tenga bulangete, mwanangu," anatero amayi. "Kutsidyako kukuzizira."

Catarina anayang'ana bulangetelo kanthawi, kenaka analipinda n'kuliika pamwala. Anakweza kaderno pamwamba pa mutu, nagwira lamba wa bambo ake ndi dzanja linalo, n'kulowa m'madzi.