Tahlia Apalasa Njinga Yosaoneka

Tahlia ankafuna kuona emu.

Emu ndi mbalame yaitali kuposa Tahlia. Siuluka. Imangothamanga.

Tahlia anali pa ulendo ndi bambo ake ndi azakhali ake a Narelle. Anayenda pa galimoto masiku asanu. Ankagona m'tenti kutchire. Msewu unali wofiira. Fumbi linali lofiira. Masokosi a Tahlia nawonso anafiira.

Tahlia anali ndi kope lojambulamo mbalame. Tsamba lomaliza anasungira emu. Tsambalo linali loyera mbee.

"Malamulo oonera mbalame ndi awiri," anatero bambo ake. "Bisala. Usagwedezeke."

Tahlia anabisala. Sanagwedezeke. Kunabwera ntchentche. Emu sanabwere.

Tsiku lomaliza linafika.

"Tikamwa tiyi, tipinda tenti," anatero bambo ake. "Lero tikubwerera kwathu."

Pomwepo Tahlia anaona kanthu kakuda, kutali kwambiri.

"Ndi emu uyo," anatero azakhali. Iwo anakulira pa famu ya nkhosa.

"Ndibisale?" anafunsa Tahlia.

"Ayi. Gona chagada."

"Ndigone? Kwacha kale, azakhali."

"Gona. Ukweze miyendo. Upalase njinga."

Tahlia anayang'ana uku. Anayang'ana uko.

"Njinga ili kuti?"

"Palibe njinga. Iwe palasa basi."

Bambo ake anatsegula buku lawo la mbalame.

"Achemwali, m'buku muno mulibe zimenezo."

"Emu sawerenga mabuku, Darcy," anatero azakhali.

Tahlia sanamvetse. Koma anagona chagada. Anapalasa. Anapalasa.

Kanthu kaja kanakula. Kanali ndi khosi lalitali. Kanali ndi miyendo iwiri. Emu anabwera pang'onopang'ono. Anapendeketsa mutu. Nayenso sankamvetsa.

"Emu amafuna kudziwa chilichonse," ananong'ona azakhali. "Akudabwa kuti ndiwe chiyani."

Tahlia anadzuka kuti ajambule. Emu anatembenuka n'kuyamba kuchoka.

Tahlia anagonanso n'kupalasa. Emu anabwerera.

Akapalasa, emu ankabwera. Koma Tahlia sakanatha kujambula ali chagada. Akadzuka, emu ankachoka.

Tahlia anaganiza. Anaganiza. Kenako anayang'ana miyendo ya bambo ake. Inali yaitali.

"Ababa, gonani."

"Ine? M'fumbi?"

"Chonde, Ababa. Tsamba latsala limodzi."

Bambo ake anaika buku pansi. Anagona chagada. Anapalasa.

Emu anafika pafupi kwambiri. Anasuzumira nsapato za bambowo. Tahlia anajambula mutu. Anajambula khosi.

"Wamaliza?" anafunsa bambo ake, ali wefuwefu.

"Ayi, Ababa. Musasiye. Yatsala miyendo."

"Palasa, Darcy," anatero azakhali akumwa tiyi. "Kwathu ndi kutali."

Tsamba lomaliza linadzaza. Panali emu mmodzi. Pambali pake panali miyendo iwiri yoloza kumwamba.

"Nanga mbalame iyi ndi iti?" anafunsa bambo ake.

"Iyi m'buku mulibe," anatero Tahlia.

Onse anaseka. Kenako anapinda tenti.