Zala Zitatu pa Buledi wa Azakhali

Yusra ankaopa tinjira ta mu mzinda wa Tetuwani. Tinjira tothina. Tinjira tofanana.

Yusra anabadwira ku Aragoni, m'dziko la Spain. Kuno ku Moroko anabwera kudzacheza kwa azakhali ake, a Rhimu. Chiarabu sankachimva. Azakhali ankamuyankhula m'Chisipanishi.

M'mawa wina, azakhali anakanda buledi. Anamudinda ndi zala zitatu. Dii, dii, dii.

"Ichi ndi chizindikiro chathu," anatero azakhali. "Pita naye ku uvuni akamuphike. Usasiyane ndi Anwari, wamva?"

Anwari anali msuweni wake. Koma mwana ameneyu, miyendo yoyabwa! Anaona mpira. Anathamangira mpira. Basi, osaonekanso.

Yusra anatsala yekha, thabwa la buledi lili pamutu.

Anakhotera uku. Khoma loyera. Anakhotera uko. Khoma loyeranso. Mayo ine! Kwa azakhali ndi kuti?

Bulu wosenza katundu anamudutsa pafupi. Yusra anakanirira kukhoma. Anayamba kulira.

"Iwe mwana, ukulira chiyani?" anafunsa bambo wa pagolosale.

Yusra sanamve kanthu. Panatuluka liwu limodzi lokha, la buledi, mmene amatchulira kwawo.

"Pan," anatero Yusra.

Bamboyo ankadziwa Chingerezi. M'Chingerezi, liwulo ndi chiwaya. Anamuonetsa chiwaya. Yusra analira kwambiri.

"Inunso bambo, chiwaya cha chiyani?" anatero mayi wina. Mayiyu anakhalako ku Italy, komwe liwu la buledi ndi lofananako. Analoza utsi. Anagwira mphuno yake.

Yusra ananunkhiza. Fungo la buledi! Analitsatira pang'onopang'ono. Analowa pakhomo lakuda ndi utsi.

M'katimo munali mdima. Moto unali lawilawi. Panaima chimunthu chachitali, chogwira chimtengo chachitali. Yusra anafuna kuthawa. Koma athawire kuti?

Anatsitsa thabwa. Anavundukula nsalu yophimba buledi. Analoza pa buledi.

Chimunthu chija chinali wophika buledi. Anawerama. Anayang'ana. Chala, chala, chala. Anaseka.

"Rhimu!" anatero.

Eee! Liwu limeneli Yusra analimva bwinobwino.

"Rhimu! Rhimu!" anayankha akudumpha.

Wophikayo anaponya buledi mu uvuni. Buledi atapsa, anamugwira Yusra padzanja. Anakhota uku. Anakhota uko. Chitseko chobiriwira cha azakhali, ichi!

Azakhali anali panja, maso ali psuu. Anwari anali pambali, mutu uli zyoli.

"Mwana wanga!" anafuula azakhali. Anamukumbatira zolimba.

Anakhala pansi onse. Ananyema buledi wotentha. Anwari anamupatsa Yusra chibenthu chachikulu.

Kenako azakhali anagwira chipumi cha Yusra. Anamudinda ndi zala zitatu. Dii, dii, dii.

"Tsopano ukasochera," anatero azakhali, "akubweza kuno."