Manambala a Kamtsinje Kouma

Nkhaniyi ndi yoona. Amene anaona ndi maso ndi mlamu wawo wa a Sentimita, telala amene sanama kupatula za tsiku lomaliza kusoka.

A Sentimita, dzina lowapatsa anthu, ankayeza madzi a kamtsinje kotsika m'mapiri n'kukathira mu mtsinje waukulu. M'mawa uliwonse ankawerenga manambala pa chitsulo chozika pansi pa mlatho n'kulemba m'buku. Kale kamtsinjeka kanali msewu, amalonda ankatsikamo pa mabwato ndi makasu ndi mchere. Tsopano munali mchenga wokhawokha, mbuzi kuwoloka osanyowa ziboda.

A kulikulu atalemba kalata kuti mtsinje wouma sufuna woyeza, mantha anawagwira bambowa. Ana asanu adya chiyani? Basi anakhala pakhonde n'kupeka manambala m'bukumo: Lolemba 40, Lachiwiri 90.

Lolemba kunacha kopanda mtambo, koma madzi anali nga pa 40. Lachiwiri pa 90. Mphepo inkanunkha matope ndi utsi wakale. Masana dzuwa lili paliwombo, achule anangoti zii. Kenako nkhafi. Khuvu. Khuvu. Bwato linaima pa mlatho, muli amuna anayi ovala nsalu za makungwa, opanda zithunzithunzi pamadzi.

"Zikomo bambo," anatero wakutsogolo chapansipansi. "Tadikira zaka zambiri. Koma pamiyala apo tikukhula. Onjezaniko pang'ono."

Munthu wotere ungamukanize? A Sentimita analemba 200. Lachitatu madzi anatenga dimba ndi khola la nkhuku, n'kuyamba kunyambita khonde.

"Fufutani!" anakalipa akazi awo. "Mizimu yanuyo ikagula nkhuku zanga?"

Anafufuta, n'kulemba ziro. Madzi anaphwa tsiku lomwelo. Bwato linatsala pamchenga, eni ake anakakhala pansi pa mtengo wa mango, osadya, kungoyang'ana khomo la a Sentimita.

Lachisanu kunafika bwana wa kulikulu, wa tayi ndi nsapato zonyezimira. Alendo a pansi pa mtengo aja iye sanawaone, anadutsa pafupi kuwaponda. Anayang'ana mchenga, n'kuyang'ana buku.

"Madzi a Lachiwiri ali kuti, bambo? Mwamwa?"

"Bwana, bukulo musaseweretse," ananong'ona a Sentimita.

"Ntchito yatha lero. Ndipo pokanama muzinama zokwanira. Bwanji osangolemba 900?"

Anasolola cholembera m'thumba la malaya, akuseka, n'kulembadi. Telala akuti mlamu wake sanapemphenso za ntchitoyo. Anangoyika mwana wamng'ono paphewa, n'kuuza akazi awo kuti asiye mapoto, athamangire kumtunda.

Bwana anatsala pa mlatho akusekabe. Mbalame zinasiya kulira. Kumapiri kunamveka ngati galimoto lalikulu likubwera, pomwe kulibe msewu.

Pansi pa mango amuna anayi aja anadzuka, n'kukutumula fumbi, n'kutola nkhafi zawo.