Kiyi wa Mjigo wa Bambo Yakobe

Esinati anaima pageti la tchalitchi, kiyi wa mjigo akulendewera pakhosi. Patsogolo pake panali Portia, mnzake wa m'kalasi, atanyamula zigubu ziwiri zopanda kanthu.

"Esi, chigubu chimodzi chokha," anatero Portia motsitsa mawu. "Mlongo wanga Tapiwa sanamwe kanthu chidzukireni."

Esinati anacheuka. Bambo ake, a Yakobe, anali pakhonde la tchalitchi, maso ali kugetiko.

"Sindingathe. Ukudziwa kale lamulo."

Chinali chaka cha 2008. Mipopi ya m'komboni ya Tafara inali itauma, ndipo masukulu anali otseka chifukwa aphunzitsi ananyanyala ntchito. Mjigo umene unkatulutsabe madzi abwino kudera lawolo unali wa pabwalo la tchalitchi. Anthu anasankha bambo Yakobe kukhala wapampando wa komiti ya madzi, poti ankadziwika kuti sakondera ndipo salandira chiphuphu. Analinso mkulu wa mpingo.

Poyamba zonse zinkayenda bwino. Kenaka malamulo anayamba kuchuluka. Lamulungu mjigo unkakhala wokhoma. Mkazi wovala buluku ankabwezedwa pageti. Pomaliza a Yakobe analengeza kuti banja lililonse logulitsa mowa lisatungenso mpaka litalapa pamaso pa mpingo wonse.

"Mavutowa ndi chilango," ankatero iwo. "Mvula yakana, ntchito zatha, chifukwa tchimo likuyenda masanasana. Wopatsidwa udindo wolamulira anthu ayenera kulizula."

Mayi ake a Portia, mayi Melina, anayamba kugulitsa kachasu amuna awo atachotsedwa ntchito pafakitale ina ku Graniteside n'kulowera ku Joni osabwerera. Kulapa pagulu anakana. Anati adzalapa tsiku limene mpingo udzayambe kudyetsa ana awo.

Portia atatembenuka kumapita, bambo Laston, mphunzitsi wopuma amene anali pamzere, anakweza mawu.

"Bambo Yakobe, zimenezi zinachitikapo kale. Kunali anthu otchedwa Apyuritani amene anachoka ku Mangalande kukakhala ku America. Kumidzi yawo tchimo linkasanduka mlandu wa boma. Wophwanya Sabata kapena woledzera ankamumanga pabwalo kuti onse amuone."

"Ndiye kuti anali anthu anzeru," anayankha a Yakobe.

"Ankafunadi zabwino, monga inunso. Koma madzi si chakudya cha Ambuye choti mungamane munthu."

Mzere unasuntha, ndipo Esinati anapitiriza kulowetsa anthu.

Kuyambira tsiku limenelo Portia ankatunga pachitsime chosaya chimene anyamata anakumba kudambo, kumunsi kwa paipi ya suweji yophulika. Esinati ankamuona akudutsa m'mawa, chigubu chili pamutu. Moni unatha pakati pawo. Nthawi zina Esinati ankaganiza zomutungira mobisa, koma akakumbukira nkhope ya bambo ake ankangouza mtima wake kuti lamulo sanapange ndi iye.

Mvula yoyamba itagwa, kolera inalowa mu Tafara. Tapiwa, mlongo wake wa Portia wa zaka zinayi, anayamba kutsegula m'mimba m'mawa. Pofika masana maso anali atalowa m'kati. Mayi Melina anam'bereka n'kuthamangira kuchipatala, koma anapeza odwala atagona mpaka panja. Mwanayo anamwalira dzuwa lisanalowe.

Uthenga unawapeza a Yakobe akudya. Anasiya mbale osamaliza.

"Mulungu ndiye amapereka, ndiyenso amatenga," anatero, koma mawu awo anali opanda mphamvu.

"Bambo," anatero Esinati, "amene ndinam'bweza Portia pageti ndine. Anandipempha chigubu chimodzi."

"Iwe unangomvera lamulo."

"Eya, ndinamvera."

Anavula kiyi pakhosi, n'kumuika patebulo pafupi ndi mbale ya bambo ake, n'kulowa kuchipinda.

M'mawa mwake anthu ochepa anasonkhana kwa mayi Melina. Azaumoyo anali atalamula kuti aliyense asambe m'manja ndi madzi abwino, koma pakhomopo panalibe ndi dontho lomwe. Linali Lamulungu. Esinati anakhala pansi pamodzi ndi azimayi ena, kutali pang'ono ndi Portia, yemwe ankangoyang'ana khoma.

Belu la tchalitchi litalira, anthu anamva kulira kwa wilibala mumsewu. Anali bambo Yakobe, atavala jekete yawo yopempherera, akukankha mgolo wodzaza madzi. Thukuta linali kamukamu, ndipo nsapato zinali matope okhaokha. Anaimika wilibalayo pakhomo n'kuvula chipewa.

Mayi Melina anatuluka m'nyumba. Anayang'ana mgolowo, kenaka anayang'ana mwini wake.

"Mwasochera, bambo. Pakhomo pano sitinalape."

"Ndikudziwa, mayi."

"Kachasu ndikagulitsabe maliro akatha. Ndatsala ndi mwana mmodzi woti adye."

A Yakobe anaweramitsa mutu. "Mjigo ndi wotsegula. Loko ndachotsa. Aliyense atunge, tsiku lililonse."

Mayi Melina sanathokoze. Anangotembenuka n'kubwerera kumene kunali thupi la mwana wawo. Kenaka bambo Laston anatenga kapu n'kuyamba kuthirira anthu m'manja.

A Yakobe sanapite kukalalikira tsiku limenelo. Mgolo ukatha ankabwerera kumjigo, n'kubweranso, mpaka manja anatuluka matuza. Ulendo wina Esinati anadzuka n'kugwira mbali imodzi ya wilibala. Podutsa pakhomo anaitana motsitsa mawu, "Portia."

Portia anatembenuka n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Chinali chigubu chimodzi chokha, Esi," anatero, ndipo anayang'ananso kukhoma.