Nkhokwe Yobisika mu Udzu

Delfina anali mtsikana wamng'ono. Ankakhala m'mudzi wina kuseri kwa Assumane, pafupi ndi Lichinga. Delfina ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kudzala chimanga cha bambo ake mvula ikabwera.

Nkhaniyi anandiuza ndi Delfina yemweyo atakula, titabisala mvula pa khonde limodzi ku msika.

Inali nthawi ya nkhondo. Bambo a Delfina anatengedwa kupita kunkhondoko. Anasiya khasu. Anasiya chipewa. Anasiyanso chimanga choyera m'munda, chitangouma kumene.

Masiku amenewo anthu a mfuti ankayenda m'midzi. Ankatenga mbuzi. Ankatenga nyemba. Ankatenga chimanga, ndi cha mbewu chomwe.

Mayi a Delfina, a Palmira, anachita mantha. Anaitana mlongo wawo, a Germano.

"Achimwene, chimangachi tichibise kuti?" anafunsa Mayi.

"Kuchigwa, achemwali," anayankha a Germano. "Kuli udzu wautali. Munthu atha kudutsa pafupi osaona kanthu."

Anamanga kankhokwe pakati pa udzu. Anaikamo chimanga chonse, chodya ndi cha mbewu. Pakhomo sanasiye kanthu.

Kale, nkhokwe ikakhala kutchire, anthu ankalambula mozungulira. Ankasiya dothi lokhalokha. Moto ukafika pa dothi, unkaima. Koma chaka chimenechi sanalambule.

"Tikalambula, nkhokwe ionekera patali," anatero Mayi. "Udzu ndi chitenje chake. Isavulidwe."

Mwezi wa Juni unafika. Kunkazizira kwambiri. M'mawa uliwonse udzu unkanyowa ndi mame.

Tsiku lina m'mawa Delfina anapita kukatenga chimanga. Mapazi ake ananyowa. Siketi yake inanyowa. Kenaka anamva fungo la utsi.

Unali moto. Koma unali moto waung'ono. Unkakwawa pansi ngati khanda. Kunalibe mphepo. Udzu unali wonyowa. Moto unkangotsokomola utsi.

Delfina anathyola nthambi yaiwisi. Anamenya moto. Pha, pha, pha. Moto unazima.

Amalume ake anaseka atamva.

"Imani bwino, kukubwera Komandanti Delfina," anatero a Germano. "Mwaona, achemwali? Moto si kanthu. Ndi mwana yemwe akuupha ndi nthambi."

"Inenso ndikufuna nthambi yanga," anatero Afonso, mlongo wake wa Delfina. Afonso anali wamng'ono kwambiri.

"Iwe yamba waphunzira kupukuta mamina," anatero a Germano.

Onse anaseka. Ndi Mayi omwe anaseka pang'ono.

Miyezi inapita. Kuzizira kunatha. Okutobala anafika ndi dzuwa lake.

Delfina anapita kuchigwa m'mawa. Mapazi ake sananyowe. Siketi yake sinanyowe. Kunalibe mame. Anagwira udzu, ndipo udzu unathyoka. Thyo.

Mawa lake anapitanso. Kunalibe mame. Kamtsinje ka kuchigwa kanali katauma. Pakati pake panangotsala kadziwe ka matope.

Masana kunkabwera mphepo. Inali mphepo yotentha. Inkaumitsa milomo. Inkaumitsa masamba. Inkagoneka udzu wonse mbali imodzi.

"Mayi, udzu wauma kwambiri," anatero Delfina. "Mame kulibe. Tilambule."

"Tikalambula, atiwona, mwanawe," anayankha Mayi.

"Nanga moto ukabwera?"

"Si tili ndi Komandanti?" anatero a Germano. "Nthambi zilipo zambiri."

"Amalume, moto uja unali wa m'mawa. Udzu unali wonyowa."

"Moto ndi moto, Komandanti."

Mayi anayang'ana kuchigwa.

"Moto ulibe maso," anatero. "Ukhoza kudutsa kwina. Koma anthu aja ali ndi maso."

Choncho sanalambule.

Tsiku lina masana, dzuwa lili pamutu, Afonso analoza kuphiri.

"Taonani, mvula ikubwera," anatero.

Sinali mvula. Unali utsi. Palibe amene anadziwa amene anayatsa motowo.

Mayi anathamanga. A Germano anathamanga. Delfina anathamanga. Afonso anamusiya kwa anansi. Aliyense anathyola nthambi.

Moto uwu sunkakwawa. Unkathamanga. Unali wautali kuposa nyumba. Unkalira ngati galimoto lalikulu pa chitunda. Ziwala zinkathawa. Mbewa zinkathawa. Akabawi ankazungulira mu utsi.

Mphepo inkakankha moto kumbuyo. Mphepo ikapuma, moto unkafupika. Mphepo ikadzuka, moto unkadzuka nawo.

"Ukaima pa mtsinje," anatero a Germano.

Koma mtsinje unali wouma. Mphepo inanyamula udzu woyaka. Inauponya kutsidya. Kutsidyako kunayaka.

Delfina anamenya moto. Pha, pha, pha. Masamba a nthambi yake anapsa. M'manja munangotsala kamtengo.

A Germano anamenya moto. Malaya awo anabooka paphewa. Mayi anafuna kulowa mu udzu kuti akatenge chimanga. A Germano anawagwira dzanja.

"Ayi, achemwali. Ana awa atsala ndi ndani?"

Anathawira m'munda wolimidwa, momwe munalibe udzu. Anagona pansi chafufumimba. Utsi unawadutsa pamwamba.

Atadzuka, anaona denga la nkhokwe likuyaka. Kenaka nkhokwe yonse inagwa.

Madzulo mphepo inaleka. Kunayamba kuzizira. Moto unafupika, unafupika, mpaka unazima wokha pa njira. Koma chigwa chonse chinali chakuda. Udzu unatha. Kunangotsala lupsa, dothi lopserera.

Pamene panali nkhokwe panali mulu wakuda. Mulu unkafuka utsi.

Mayi anakhala pansi. Sanalire. A Germano anavula chipewa. Sanatchulenso za Komandanti.

Mawa lake a Germano anapita ku Lichinga wapansi. Anafunsa mbewu ku loja, kusitolo. M'mashelefu munalibe mbewu. Munalibe mchere. Munalibe sopo.

Mayi anapita kwa anansi. Anansi anapukusa mitu. Ena zawo zinatengedwa. Ena zawo zinapsa tsiku lomwelo.

Pakhomo ankadya masamba ndi timbatata tochepa.

"Mayi, chimanga cha Ababa chipsa liti?" anafunsa Afonso. Iye ankaganiza kuti achiwotcha kuti adye.

"Chinapsa kale, mwanangu," anatero Mayi. Anatembenukira kukhoma.

Delfina anatenga khasu la bambo ake. Linali lolemera. Analikoka mpaka kuchigwa. Mapazi ake anada ndi phulusa.

Mulu uja unali utazizira. Delfina anayamba kufukula. Pamwamba panali phulusa. Anafukula. Pansi pake panali chimanga chakuda ngati makala. Anachigwira, ndipo chinaphwanyika.

Anafukulabe. Anapeza chimanga chofiirira, chonunkha utsi. Manja ake anatopa. Anafukulabe.

Pansi penipeni, pakati pa mulu, anapeza chimanga choyera. Sichinali chambiri. Chinangodzaza chitenje chake.

Delfina anatolanso chofiira chija n'kuthamangira kunyumba.

"Mayi, taonani. Moto sunafike pakati."

Mayi anachinunkhiza. Anachitembenuza. Anapukusa mutu.

"Chofiirachi tidya," anatero. "Choyerachi tidyanso. Chinatenthedwa, mwanangu. Mbewu yotenthedwa simera."

"Mwina imera, Mayi."

"Tikadzala osamera, titaya chimanga, titayanso mphamvu."

"Mayi ako akunena zoona," anatero a Germano motsitsa mawu. "Usadzivutitse."

"Ndipatseni njere zochepa chabe," anatero Delfina. "Ndiyese. Choyerachi musasinje kaye."

Mayi anayang'ana Afonso. Afonso anali atawonda. Anayang'ananso Delfina.

"Tiyamba kudya chofiirachi," anatero. "Chikatha, tisinja choyera."

Delfina anapeza phale, chidutswa cha mphika wosweka. Anaikamo dothi. Anakwirira njere zija. Anathirira madzi. Anaika phale kuseri kwa nyumba, pamthunzi.

M'mawa anayang'ana. Munalibe kanthu. Anathirira.

Mawa lake anayang'ana. Munalibe kanthu. Anathirira.

Chimanga chofiira chinkachepa. Phala lake linali lowawa. Linkanunkha utsi. Afonso ankadya akukwinya nkhope.

"Chamera?" ankafunsa Afonso.

"Sichinamere."

"Ndichifukule ndione?"

"Usachigwire, iwe."

Mawa lake anayang'ananso. Munalibe kanthu. Dothi linali chete. Delfina anakhala pansi pafupi ndi phale. Analira mwakachetechete. Kenaka anathirira.

Chimanga chofiira chinatha. Mayi anatulutsa mtondo. Anatulutsa munsi. Anayamba kutonola chimanga choyera m'lichero.

Delfina sanafune kuona. Anapita kuseri kwa nyumba. Kumeneko anapeza Afonso atagwada. Mphuno yake inali pafupi ndi phale.

"Ndinakuuza kuti usagwire," anatero Delfina.

"Sindinagwire. Koma muli kasingano."

Delfina anagwada. M'dothi munali kanthu kobiriwira, kosongoka. Pambali pake panali kena. Pafupi ndi mkombero panali kenanso.

Delfina ananyamula phale ndi manja awiri. Anayenda pang'onopang'ono. Analiika pansi, pakati pa Mayi ndi mtondo.

Mayi anasiya kutonola. Anawerama. Anakhudza mphukira imodzi ndi chala. Tsopano ndi pamene analira.

A Germano anafika. Anayang'ana m'phale. Anayang'ana Delfina. Anatenga munsi n'kukaubweza m'nyumba.

"Ine ndipita kunyanja, ku Meponda," anatero. "Ndikathandiza kuyanika nsomba. Ndikabwera ndi chakudya. Ichi palibe adye."

"Nanga tichibisa kuti?" anafunsa Mayi. "Mu udzu ayi."

"Pa lupsa, Mayi," anatero Delfina. "Pamene papsa kale palibenso choti chipse."

Anathira mbewu mu mtsuko. Anamata pakamwa pake ndi dothi. Anaukwirira kuchigwa, pansi pa phulusa. Pamwamba pake panaoneka pakuda ngati pena paliponse.

Kenaka mphepo yotentha inaleka. Mitambo inasonkhana pamwamba pa Lichinga. Mvula inagwa, ndipo dothi linafewa.

Anafukula mtsuko. Mbewu inali bwinobwino. Inali yochepa. Inangokwana kachigawo ka munda.

A Germano ankakumba mapando. Mayi ankaponya njere. Delfina ankakwirira ndi phazi. Afonso ankapondaponda pambuyo.

"Ababa akabwera, adzachidziwa?" anafunsa Afonso.

"Adzachidziwa," anatero Mayi. "Ndi chawo chomwe chija."

"Ponda bwino, Afonso," anatero Delfina. "Phando ilo walidumpha."